Tayala Lidazuka Lokha: Zimene Ndidaphunzira Pokoka Boti Kuchokera ku Monkey Bay

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024 ndidaperekeza amalume kukatenga boti lawo ku gombe lina la kufupi ndi Monkey Bay kuti tibwere nalo kwathu ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Mtunda wake ndi makilomita opitirira 200, ndipo galimoto yabwinobwino ikanyamuka m'mawa imafika dzuwa lisanapendeke. Ife tidatha masiku atatu panjira. Botilo tidalikweza pa kalavani yobwereka imene sinkayenera n'komwe kuponda msewu, ndipo tonse atatu, amalume, dalaivala ndi ine, tinkadziwa zimenezi tisananyamuke.

M'nkhani ino ndifotokoza zimene munthu ayenera kuona pa kalavani asanaikepo boti, monga mmene ndidaphunzirira kwa amakaniko ndi madalaivala amene tidakumana nawo. Koma popeza ndine wophunzira chiyankhulo, ndiunikanso mawu amene tinkayankhula panjira. Ndidapeza kuti cholakwika chilichonse cha pa kalavaniyo chidali ndi mawu ake ochichepetsa, ndipo mawuwo ndiwo adatimasula kuti tinyamuke.

Boti kutali ndi kwawo

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, koma madziwo amachoka pouma ndi dzuwa. Popeza nyanjayi ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018, ine ndili ku sekondale, maboti adatsala ali gonegone pa matope ong'aluka pa doko la Kachulu. Asodzi ambiri adasamuka, ena ku Malombe, ena ku nyanja ya Malawi. Amalume adasonkherana ndi anzawo atatu n'kuchita hayala lole imene idanyamula maboti awo kupita m'boma la Mangochi.

Pano ndisiyanitse mawu awiri amene anthu a kumtunda amawasokoneza. Bwato ndi wosema kuchokera ku thunthu limodzi la mtengo, ndipo dzinali lili m'gulu la U-Ma (bwato uwu, mabwato awa). Boti ndi lokhoma ndi matabwa pa nthiti. Dzina lake ndi lobwereka ku Chingerezi ndipo lidalowa m'gulu la Li-Ma (boti ili, maboti awa). Kusiyanaku si kwa galamala yokha ayi. Bwato ulibe polumikiza, pamene boti lonse ndi zolumikiza zokhazokha, thabwa pa thabwa, m'mipata yake atamatamo thonje ndi phula. Chilichonse chimene chingaligwedeze kapena kuliumitsa chimatsegula mipata imeneyi.

La amalume ndi la mamita 6. Ndi boti limeneli limene lidandilipirira fizi ku sekondale, ndipo mpaka lero ndalama yanga ya lendi imachokera momwemo. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, Chilwa idadzazanso ndipo pang'onopang'ono matemba, makumba ndi milamba zidayamba kuonekanso. Mu 2024 nyanja ya Malawi nayo idakwera kwambiri mpaka kumiza nyumba zina za m'mphepete, kuphatikizapo msasa umene amalume ankagonamo. Mtima wawo udabwerera kumudzi. Vuto lidali mtengo wa lole. Ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo eni malole ankatchula mitengo imene amalume ankangogwira pakamwa akaimva. Kenaka adapeza mnzawo wa pikapu amene ankapita ku Zomba wopanda katundu, ndipo mnzawoyo adati akudziwa pamene pali kalavani.

Kalavani ya pansi pa mtengo

Tidaipeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ina yogona alendo. Mlonda adati kale inkanyamula boti la injini la mwini malowo, limene lidali lapulasitiki, lopepuka ndiponso lalifupi. Udzu udali utamera m'kati mwa felemu ndipo nkhuku zinkaikira pansi pake. Amalume adaizungulira kawiri, adaponda tayala limodzi ndi phazi, nati, "Ingotifikitsa."

Mawu amenewa ndidawalemba m'kabuku kanga madzulo a tsikulo, chifukwa nthawi imeneyo ndinkasonkhanitsa zitsanzo za mphatikira -ngo- pa ntchito ya m'kalasi. Mphatikira ameneyu amalowa m'kati mwa mneni n'kuchepetsa ntchito. Kufikitsa ndi udindo, koma kungofikitsa ndi kanthu koti ngakhale chinthu chakutha chingakwanitse. Mnzake ndi -ko wa kumapeto kwa mawu. Dalaivala ataona ming'alu m'mbali mwa tayala la kumanzere adati "lakalambako", osati "lakalamba". Wachitatu ndi gulu la Ka-Ti. Tsiku lonse boti la mamita 6 lidali "kaboti", ndipo makilomita 200 adali "kaulendo".

Tiyeni tione zimene mawuwa ankaphimba.

Tayala limatha m'njira ziwiri: poyenda ndi pokhala. Loyenda limaperepeseka mapanda ndipo aliyense amaona. Lokhala padzuwa mapanda ake amaoneka atsopano, koma mphira wake amauma n'kuchita ming'alu, ndipo likatentha pa tala limatha kuphulika mosachenjeza. Zaka za tayala zimalembedwa pambali pake. Pa matayala opangidwa kuyambira chaka cha 2000, manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT amatchula sabata ndi chaka. Lathu la kumanzere lidali ndi 2309, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2009. Lidali ndi zaka 15. La kumanja lidali lochotsa ku galimoto ina yaing'ono ndipo lidali lochepa msinkhu, choncho kalavani idali yopendekeka isanasenze kanthu.

Chachiwiri ndi chokolera. Kumphuno kwa kalavani kumakhala kapu yachitsulo imene imavala mpira wachitsulo wa kumbuyo kwa galimoto, kawirikawiri wa mamilimita 50, n'kutsekeka ndi loko. Pamakhalanso matcheni amene amadutsitsidwa mopingasa kunsi kwa mphunoyo, kuti kapu ikavuka mphuno igwere pa matcheni, isakumbe msewu. Yathu loko adathothoka kalekale. Tidamanga ndi waya, ndipo m'malo mwa tcheni tidaikapo chingwe cha khoka.

Magetsi idalibe, nambala idalibe, zonyezimira za kumbuyo idalibe, mabuleki idalibenso. Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act ya 1997, limaitenga kalavani ngati galimoto ina iliyonse yoyenera kulembetsedwa ndi kukhala yoyenera pamsewu. M'mayiko ambiri kalavani yopanda mabuleki siloledwa kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, chifukwa kulemera konseko kumakankha galimoto ya kutsogolo poima. Boti lamatabwa lomwa madzi, injini, makoka ndi felemu yachitsulo, ndikaphatikiza m'mutu ndimaona kuti tidapitirira. Chokhacho chimene tidachita motsata lamulo ndi kumangirira malaya ofiira kumbuyo kwa boti.

Koma cholakwika chachikulu pa boti lenilenilo chidali kufupika kwa kalavani. Boti likakhala pamadzi limagwiridwa paliponse; madzi amalinyamula thupi lonse mofanana. Likakwera pa kalavani limatsamira malo owerengeka okha, choncho msana wake, umene ndiwo mtanda wolimba wa pansi, uyenera kugona pa zotsamira kuyambira kumutu mpaka kumbuyo kwenikweni. Lathu lidatsala mamita pafupifupi awiri likulendewera m'malere. Pa bampu iliyonse mbali yolendewerayo inkavinira m'mwamba ndi pansi, ndipo misomali ya m'nthiti inkasukusika mmodzimmodzi ife osaona.

Asodzi khumi ndi awiri a pagombepo adatithandiza kulikweza m'bandakucha. Injini, makoka ndi matumba a katundu tidaziponya kumbuyo kwa boti chifukwa n'kumene kudali kosavuta kufikira. Titamaliza ndidagwira mphuno ya kalavani ndipo idanyamuka ndi dzanja limodzi. Dalaivala adaseka nati, "Mwaona madala? N'kopepuka." Tonse tidakondwera.

Kuvina kwa pa M10

Kuchokera ku Monkey Bay kupita ku Mangochi ndi msewu wa M10, wa malo athyathyathya. Titafika liwiro la makilomita 60 pa ola, basi ina idatidutsa ndipo mphepo yake idakankha boti. Kalavani idapita kumanzere, idabwerera kumanja, idapitanso kumanzere mopitirira poyamba paja, ndipo kumbuyo kwa pikapu kudayamba kutsatira. Dalaivala adachotsa phazi pamoto, adagwira chiwongolero osachipotoza, mpaka kuvinako kudazirala. Pambuyo pake ndidamva kuti adachita bwino: kuponda buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero pa nthawi yotere kumakulitsa kuvinako. Iye adati adangochita mantha.

Pa Mangochi tidaima pomwera mafuta, ndipo dalaivala wina wa thiraki, bambo wa imvi, adabwera yekha kudzaona. Adanyamula mphuno ya kalavani pamene tidaimasula kuti tikonze waya, napukusa mutu. Adatifotokozera kuti kupepuka kumene tidakondwera nako kuja ndiko kudali matenda. Mphuno iyenera kutsindira mpira wa galimoto ndi kulemera kosachepera magawo 7 mpaka 10 pa 100 a katundu yense. Ngati zonse zikulemera makilogalamu 800, pamphuno payenera kukhala makilogalamu 60 kapena 80, thumba la chimanga ndi kakenso. Katundu akachuluka kumbuyo kwa ekiselo, kalavani imasanduka mchira umene ukugwedeza galu. Tidasamutsa makoka ndi matumba kupita kumutu kwa boti, injini tidaikweza mu pikapu. Adatiuzanso kuti tikape madzi amene adatsalira pansi pa boti, poti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo madzi oyendayenda amakankha boti pa kona iliyonse. Zingwe zathu za nayiloni zidali zitatamuka kale, tidazikunganso. Kuchokera apo kalavani sidavinenso.

Pamalo omwewo ndi pamene ine ndidalakwa. Pokunga chingwe ndidatsamira dzanja pa habu ya tayala la kumanzere, chitsulo cha pakati chimene tayala limazungulirapo, ndipo ndidalichotsa msanga chifukwa padali potentha ngati mbaula. Ndidagwira ya kumanja, idali yofunda chabe. Ndidadziwa kuti si zabwino. Koma taonani mmene ndidanenera: "Amalume, kodi apa pamayenera kutenthako chonchi?" Ndidasandutsa chenjezo kukhala funso, ndidaikapo -ko yemwe uja, ndipo ndidawasiyira mpata woyankha kuti inde. Kwathu mwana wa mlongo sauza amalume ake chochita, makamaka amalume amene akumulipirira sukulu. Dalaivala ndiye adayankha: "Pangotentha ndi dzuwali." Adathirapo madzi a m'botolo, padachita tsweee, tidanyamuka. Dzuwa lomwelo linkawombanso tayala la kumanja, koma ine ndidakhala chete.

Pa Ulongwe

Kuchoka pa Mangochi tidalowa msewu wa M3 wolowera ku Liwonde. Kunja kudatentha monga kumachitira mu Okutobala m'chigwa chimenechi. Ndinkamva kulira kwina kumbuyo, ngati mphero yakutali, kumakula tikathamanga, kumachepa tikachepetsa liwiro. Titayandikira Ulongwe, cha m'ma 2 koloko masana, kudamveka kuphulika kwa chitsulo, pikapu idakokeredwa kumanzere, ndipo ndidaona tayala likutipitirira lokha, lili chiimire, habu yake ili pomwepo.

Pamalopo padali mayi wina amene ankagulitsa malambe ndi tomato m'mbali mwa msewu. Mwana wake wa zaka ngati zitatu adakhala pa chiguduli pafupi ndi njinga imene idatsamira mtengo. Tayala lidadutsa pakati pa mwanayo ndi mulu wa tomato, lidagunda njinga n'kuipinda gudumu, lidakagwera m'ngalande. Mpata wa pakati pa mwanayo ndi mzere umene tayala lidasiya pafumbi ndidauyeza pambuyo pake ndi mapazi anga. Adali mapazi atatu.

Kumbuyo kwathu ekiselo idali itakumba tala mtunda wautali ndithu, ndipo boti lidagwera mbali imodzi. Matabwa awiri a kumbuyo adang'aluka ndipo nthiti imodzi idathyoka, pamalo pomwe paja pankalendewera.

Anthu adasonkhana. Apa ndipo ndidamva chinthu chimene ndakhala ndikuchiganizira kuposa zonse. Aliyense wofika ankafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo amalume ndi dalaivala ankayankha mofanana: tayala lazuka, beringi yasweka, waya waduka, nthiti yathyoka, boti lawonongeka. Aneni onsewa ali mu msintho umene ku sukulu tidauphunzira kuti wochitidwa m'chibisira. Dzinali ndi loyenera. Timati kuzula ndi kuzuka, kuswa ndi kusweka, kudula ndi kuduka, kuthyola ndi kuthyoka. Mneni woyamba pa awiri aliwonse amafuna womuchita. Wachiwiri amangonena mmene chinthu chakhalira. Kusiyana kwake ndi msintho wochitidwa poyera kumaoneka tikayesa kutchula wochita. Tikhoza kunena kuti "waya adadulidwa ndi dalaivala", koma sitinganene kuti "waya adaduka ndi dalaivala" ngati tikutanthauza kuti iye ndiye adadula. Msintho wa poyera umamusiyira wochita mpando ngakhale asakhalepo, pamene wa m'chibisira umachotsa mpandowo. Sam Mchombo adafotokoza kusiyana kumeneku m'buku lake lotchedwa The Syntax of Chichewa la mu 2004, ndipo ndidali nditawerenga mutuwo miyezi ingapo m'mbuyomo ngati nkhani ya mayeso chabe.

Mayi uja sadagwiritse ntchito msintho wa m'chibisira ngakhale kamodzi. Adanyamula mwana wake, akunjenjemera, nati, "Bambo inu, mukanandiphera mwana. Mwatenga chinthu chakufa n'kuchiika pamsewu. Mwaphwanya njinga ya bambo ake." M'chiganizo chilichonse mudali wochita, ndipo wochitayo tidali ife.

Sindikunena kuti amalume ankanama. Tayala lidazukadi. Sindikunenanso kuti Chichewa ndicho chili ndi vuto, pakuti ziyankhulo zambiri zili ndi njira zonenera ngozi popanda kuloza chala. Ndiponso msintho umenewu uli ndi ntchito yabwino: mwana akagwetsa mbale timati yasweka, kuti mtendere ukhalepo pakhomo. Pokambirana ndi mwamuna wa mayiyo pamaso pa akuluakulu a pamalopo, mawu ofewawo adathandiza kuti nkhani isakule, ndipo tidagwirizana zolipira gudumu latsopano la njinga ndi tomato yense. Chimene ndikunena n'chakuti mawu oti "lazuka" ndi oona pa mphindi imene tayala lidachoka, koma ndi osakwanira pa tsiku lonse. Amadula nkhani kuti iyambire pa Ulongwe, pamene idayambira pansi pa mtengo wa mango, idadzera pa Mangochi pamene ine ndidafunsa funso m'malo monena zimene ndidaona.

Phunziro la makaniko

Usiku umenewo tidagona pambali pa boti. M'mawa tidapeza makaniko wa pamsika, mnyamata wosandiposa zaka zambiri, amene adatola zidutswa za beringi n'kuziyala pa sakha kuti tione. Zidali zabuluu chifukwa cha kupsa, ndipo girisi amene adatsalamo adali wouma, wosakanikirana ndi dzimbiri.

Adatifotokozera chifukwa chake maberingi a kalavani za maboti amafa msanga kuposa a ngolo zina. Potsitsa boti, kalavani imalowa m'madzi mpaka matayala kumira. Ngati habu ili yofunda ndi ulendo, mpweya wa m'kati mwake umafwapa ikazizira mwadzidzidzi, ndipo imayamwa madzi kudzera pa mphira wotseka kuseri. Madziwo amakhala momwemo. Kalavani ikaimikidwa zaka, dzimbiri limadya timagudumu ta m'beringi. Tsiku limene idzayendenso, timagudumuto timakhulana ndi chitsulo popanda mafuta, timatentha, timasweka, mpaka habu imavuka pa ekiselo. Madzi amene dalaivala adathira pa Mangochi adaziziritsa kunja kokha.

Kuyesa kwake n'kosavuta moti ndidachita manyazi. Kwezani tayala ndi jeke. Ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza; likamachita gwedegwede, beringi yatha kapena nati yamasuka. Lizungulitseni ndi dzanja n'kutchera khutu. Labwino limayenda mwakachetechete, lowonongeka limalira ngati muli mchenga. Chotsani kachipewa ka pakati, onani girisi, onaninso ngati pini yotchinga nati ilipo. Mukanyamuka, imani mutayenda makilomita 10 kapena 15 n'kugwira mahabu onse awiri. Kufunda n'kwabwino, koma ngati dzanja silingakhalepo, kapena mbali imodzi yatentha kuposa inzake, ulendo wathera pomwepo mpaka mutakonza. Jeke tidali naye mu pikapu kuyambira ku Monkey Bay. Ntchito yonseyi sikadatha theka la ola.

Maberingi atsopano adakagulidwa ku Liwonde pa minibasi. Mutu wa ekiselo udali utadyeka, choncho wowotcherera adauwonjezera chitsulo n'kuupala. Makaniko adanena mosabisa kuti ntchito yotere si yodalirika. "Madala, iyi ndakonza yoti muchoke pamsewu pano, osati yokwerera mapiri." Amalume adayankha kuti tidzayenda pang'onopang'ono. Tsiku lachiwiri lidathera pomwepo.

Kuyenda pang'onopang'ono kumathandizadi, ndipo chifukwa chake ndi cha masamu. Mphamvu imene chinthu choyenda chili nayo imakula mofulumira kuposa liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Tayala lozuka pa makilomita 60 pa ola limamenya kanayi kuposa lozuka pa 30. Koma kuchedwa sikubwezera loko pa chokolera, ndipo sikutalikitsa felemu.

Liwonde

Tsiku lachitatu tidakwawa mpaka ku Liwonde. Tisanayambe chitunda cholowera ku Machinga, apolisi a pamsewu adatiimitsa. Wapolisi wamkazi adaizungulira kalavani monga adachitira amalume tsiku loyamba lija, koma iye ankatchula chinthu chilichonse ndi dzina lake: palibe nambala, palibe magetsi, palibe tcheni, matayala ndi osiyana, katundu wapitirira felemu. Dalaivala adayamba, "Bwana, tangotsala ndi kamtunda..." Wapolisiyo adamudula. Adati kutsogoloku kuli zitunda ndi makona, ndipo waya uja akaduka pokwera, boti lidzabwerera chambuyo kukakumana ndi aliyense amene ali kumbuyo kwathu. Adatilembera chindapusa natiuza kuti kalavaniyo isapitirire.

Ndidakwiya naye kwa mphindi zingapo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndalama ya m'thumba la amalume inkatha ndipo ina mwa iyo idali yanga ya teremu yotsatira. Koma amene adayendapo pa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba akudziwa mmene umakwerera kuchoka m'chigwa cha Shire, ndiponso kuchuluka kwa njinga za makala ndi ana a sukulu m'mbali mwake. Pa anthu onse amene tidakumana nawo, wapolisiyu ndi mayi wa pa Ulongwe ndiwo okha adayankhula popanda -ngo-, -ko kapena ka-.

Amalume adaimbira foni anzawo, adakongola ndalama, tidapeza lole ya matani atatu imene inkapita ku Zomba. Boti tidaligoneka pa matayala akutha, msana wake wonse uli pa bodi, ndipo tidaliphimba ndi masaka onyowa monga adatilangizira mwini lole. Tidakhota pa Matawale kulowa msewu wa ku Kachulu dzuwa likulowa. Nditawerengera m'kabuku kanga mafuta a pikapu, maberingi, wowotcherera, njinga, tomato, chindapusa, lole yachiwiriyo ndi ndalama yobwezera kalavani kwa eni ake, zonse pamodzi zidaposa mtengo umene mwini lole wa ku Monkey Bay adatchula poyamba paja, matabwa atsopano osawerengera.

Kachulu

Boti silidalowe m'madzi tsiku lomwelo. Mmisiri adachotsa matabwa awiri ong'aluka aja n'kuika ena, adalumikiza nthiti, adakhomanso misomali imene idasukusika. Atamaliza tidalikankhira m'madzi osaya ndipo lidayamba kumwa paliponse, ngakhale m'malo amene sadagunde pansi. Amalume sadadabwe. Thabwa likauma limafwapa m'lifupi mwake, ndipo masiku atatu a dzuwa la Okutobala ndi mphepo ya pamsewu adatsegula mipata yonse. Masaka onyowa aja tikadayamba nawo ku Monkey Bay. Adalisiya litamira theka kwa masiku anayi kuti matabwa atupe, kenaka adalikapa, adalimatanso thonje ndi phula.

Pa masiku amenewo asodzi ankabwera kudzalonjera amalume, ndipo aliyense ankafuna kumva za ulendo. Ndidakhala pambali ndi kabuku kanga. Ndidawerenga kasanu ndi kawiri pamene adafotokoza nkhaniyi, ndipo kasanu ndi kamodzi adati tayala lidazuka. Kachisanu ndi chiwiri adafotokozera msodzi wina amene boti lake lidatsalira ku Malombe, yemwe ankafunsa ngati kalavani ija ingabwerekekenso. Amalume adakhala chete pang'ono, nati, "Achimwene, ine ndidatsala pang'ono kupha mwana wa eni ake. Funani lole." Atatero adandiyang'ana n'kundifunsa, "Mphwanga, paja pa Mangochi udati chiyani za tayala lija?" Ndidawauza kuti ndidafunsa ngati pamayenera kutentha. Iwo adati adaamva, koma adayesa ndikufunsadi.